Chinthu chimene chinkakwawa m'chimanga

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene ndinatsala pang'ono kuwombera mwana wa eni, ndipo mpaka lero kwathu palibe akudziwa.

Tinkakhala ku Chirimba. Bambo ankalondera pa kampani ina ku Ginnery Corner, ndipo abwana awo posamuka anawasiyira mfuti yampweya, yaikulu, yochita kupopa ngati tayala la njinga. Chipolopolo chake chinali ngati mtedza. Vuto linali kachitsulo kokhethemulira, kanali kolimba zedi. Ine ndinkakakoka kamodzi mwamphamvu, mfuti n'kupotokera kumbali, chitini chimene ndinkafuna kulasa chili chikhalire pachitsa. Bambo anandiphunzitsa kukanikiza mfuti paphewa, kulowetsa chala mpaka pamfundo osati kansonga chabe, kutulutsa mpweya pang'ono, kenaka kukoka molunjika, pang'onopang'ono, diso lili pomwepo.

"Usaifulumize, mama," ankatero. "Ilire yokha iwe ukuyang'anabe."

Dzinja la chaka chimenecho kunabwera galu wofiirira wosadziwika mwini, amene anatithera nkhuku. Anthu ankati ngwachiwewe. Loweruka lina masana akuluakulu onse anapita kumaliro, ine n'kutsala ndekha. Kunali zii, mitambo itatsika mpaka kuphimba phiri, ngakhale wailesi ya aneba sinkamveka. Ndikutsuka mbale, ndinaona chimanga cha kuseri kwa nyumba chikugwedezeka, chonsecho kunalibe mphepo. Chinthu chofiirira chinkakwawa pansi, chikupuma mokhala ngati chikuliza mkonono.

Ndinakatenga mfuti kuseri kwa wadiropu, ndinaikamo chipolopolo, n'kuisamiritsa pazenera. Ndinachita zonse monga anandiphunzitsira. Chala chinayamba kuwawa, kachitsulo kakubwera pang'onopang'ono. Ndikuganiza kuti kanali katadutsa theka pamene chinthucho chinaimirira ndi miyendo iwiri.

Anali Tadala, mwana wa zaka zitatu wa aneba athu, atavala juzi yofiirira ya mkulu wake yofika m'maondo, mphuno zitatseka ndi chimfine. Anandiyang'ana pazenerapo, osaseka, osalira, ngati akudikira kuti ndimalize. Ndinabweza chala. Kenaka ndinasanza pansi pomwepo, n'kukolopa anthu asanabwere.

Pano ndili ndi mwana wanga wamkazi wa zaka ziwiri, ndipo ndivomere, ndine mayi wamantha. Akangotentha thupi ndimafuna kumumwetsa mankhwala alionse ali pafupi. Wantchito akachedwa kuyankha foni, mumtima ndamuchotsa kale ntchito. Zikatero ndimadzikumbutsa kuti tsiku lija sindinkakayika ngakhale pang'ono kuti ndikuona galu. Mantha amaona msanga, ndipo zimene aona amazikhulupirira. Choncho ndimachedwa dala, ndikuyang'anabe.

Tadala anakula, amagulitsa nsapato mumsika wa Limbe. Akandiona amanditchula asisi, amanyamula mwana wanga n'kumuseweretsa. Ine ndimagula nsapato zimene sindikuzifuna, ndipo sindinenerera mtengo.