Mabenchi a ku Sikelo

Gulu lathu la opala matabwa linkakumana Loweruka lililonse kuseri kwa tchalitchi china ku Kawale, m'shedi ya malata akale. Ndinalowamo chaka chimene bambo a kunyumba anamwalira. Iwo anali kalipentala, ndipo anasiya sowo, hamala ndi matchizulo m'bokosi lachitsulo. Achibale ankati ndigulitse. Ine ndinalisenza n'kukalitula pamaso pa azibambo a m'gululo.

"Mwatibweretsera zida, Amayi?" anafunsa wapampando, bambo wa ku Dedza amene pakati pa sabata ankayendetsa galimoto ya boma.

"Ayi, Abambo. Ndabwera kuti mundiphunzitse. Zidazi ndizigwira ndine."

Anayang'anizana, wina n'kutsokomola. Kenaka anandipatsa thabwa la paini kuti ndilidule motsata mzere. Ndinalidula mokhota. Mvula isanabwere chaka chomwecho, ndinali nditakhoma ndekha kampando kamene mpaka lero ndimakhalira pochapa.

Chaka chathu chinali ndi kayendedwe kake. Mvula ikaleka tinkagula matabwa n'kuwayanika. Nyengo yozizira tinkapanga matebulo ndi timipando tokagulitsa pamsika wa Chilinde kuti tipeze misomali ndi guluu. Ana akatsekera mu Ogasiti tinkalowa m'makalasi kukonza madesiki othyoka, ndipo kukayamba kutentha tinkayendera nkhalamba za m'dera lathu, kuona zitseko ndi madenga. Koma mabokosi a maliro analibe nyengo. Zaka zimenezo matenda anali atatilowerera, moti banja losowa likagogoda, tinkasiya chilichonse n'kuyamba kuyeza.

Chaka chilichonse tinkasankhanso ntchito imodzi yaikulu yothandiza anthu. Pamsonkhano wa chaka changa chachitatu ndinakweza mkono. Ndinati kuchipatala chaching'ono cha kwathuko, tsiku la sikelo, amayi amakhala pansi pafumbi ndi makanda awo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu. Tiwapangire mabenchi.

Mkulu wina wa ku Ntcheu, amene anali katswiri wathu pa mabokosi, anakana. "Matabwa amenewo tiwasunge, Amayi. Mawa lomweli kugwa zovuta, mudzati tiike munthu m'chiyani? Kukhala pansi sikupha."

"Zoona, Abambo," ndinatero. "Koma Lachiwiri tipitire limodzi, mukaone nokha. Mukakabwerako n'kukanabe, ine ndikhala chete."

Anavomera monyinyirika. Lachiwirilo kunali mphepo, fumbi likuuluka ndi mapepala. Tinapeza mzere wa amayi utafika kumpanda. Ena anayala zitenje, ena anakhalira masilipasi. Mayi wina wa mapasa ankalephera kudzuka atamuitana, mpaka anzake anamugwira m'khwapa. Mkulu uja anavula chipewa. Kenaka anayamba kuyenda m'mbali mwa khoma, akuyeza ndi mapazi.

"Apa pakwana mabenchi aatali," anatero osandiyang'ana. "Koma akhale ofupika miyendo. Munthu wobereka mwana asamachite kukwera."

Loweruka lotsatira ndi iye amene anaimirira kufotokozera gulu, ndipo anayankhula bwino kuposa mmene ndikanayankhulira ine.

Ntchitoyo inatitengera nyengo yonse yozizira. Pakati pake kunagwadi maliro awiri, ndipo matabwa ena anapita kumeneko. Palibe anadandaula. Wapampando anakapempha zotsala kwa anzake ocheka matabwa, ife n'kumalumikiza zidutswa. Ine anandipatsa miyendo yonse kuti ndidule ndi kuboola. Ndinkabwerera kunyumba utuchi uli m'duku ndi m'makutu momwe, manja atatupa, koma benchi iliyonse tikaiimika pasimenti inkakhazikika osagwedera.

Tsiku lokapereka tinalibe galimoto. Tinawanyamula awiriawiri kudutsa mumsika, anthu akutifunsa ngati kuli ukwati. Namwino wamkulu anatilandira pakhomo. Anakhala pa benchi yoyamba, n'kudzigwedeza mwadala kuti aone ngati ilira. Sinalire. Anaitana amayi aja kuti adzuke pansi, ndipo kwa kanthawi panali phokoso lokhalokha, aliyense akukutumula chitenje chake ndi kusunthira mnzake.

Tikutuluka, mayi wina wachikulire amene anabwera ndi mdzukulu wake anandikoka bulauzi.

"Akuti miyendoyi mwapanga ndinu?"

"Ndine, Amayi."

"Ndiye mubwere kwathu ku Biwi. Chitseko changa chinagwa kale, ndimatchinga ndi lata. Azibambo ndimachita nawo manyazi kuti aone m'nyumba mwanga."

Ndinamufunsa njira, iye n'kundilongosolera kuyambira pa mpope wa madzi. Lachinayi ndinapita ndi mahinjesi awiri ndi thabwa limodzi. Felemu inali itadyedwa ndi chiswe m'munsi, choncho ndinayamba ndadula mbali yowolayo n'kuikapo chidutswa chatsopano. Pomwe ana ankaweruka kusukulu, gogoyo anali akutsegula ndi kutseka chitseko chake, akuitana aneba kuti adzaone.