Mphira za Ndodo za Wamtali

Dzuwa linali lisanafike pakhoma la ofesi ya asilikali opuma, koma Kopolo anali atayamba kale kudula tayala. Ntchito yake ndi yoika mphira kunsi kwa ndodo zoyendera, kuti zisamaterere pasimenti. Amakhala pansi pa lata limodzi moyang'anana ndi geti, mpeni m'manja, chitini cha guluu pakati pa mapazi.

Khutu lake lakumanzere linafera kunkhondo. Mwiniwake amati silinafe, linangotsalira komweko. Mukamuona mpeni wauimika m'malere, maso ali pafumbi, dziwani kuti khutu lija likumva mtsinje umene anawoloka ali mnyamata, mfuti pamutu, madzi m'khosi. Akuti masiku ena mumalira achule, masiku ena mumagwa mvula yapatenti. Amakhala komweko mpaka guluu kumuumira pachala.

M'mawa umenewo anamudzutsa ndi Wamtali, mnzake amene anamubereka kumsana tsiku limene khutulo linafa. Lero ndi Wamtali amene akuyendera ndodo ziwiri, chiuno chinatha. Anabwera kudzalembetsa chithandizo cha ulumali, chiphaso chake chausilikali chili m'thumba la pamtima. Pambali pake panali bambo wina wa nsapato zonyezimira.

Kopolo anangoona kaimidwe kake n'kudziwa. Madobadoba a pageti limeneli sanyengerera munthu. Amaima nji, kukuchitira sawatcha, n'kukuitana ndi udindo wako wakale: "Sajeni, nditsateni." Ndipo msilikali, akalambe chotani, akamva mawu otere miyendo imanyamuka yokha mutu usanafunse. Naye Kopolo inamunyamulapo chaka china. Anapereka chiphaso, anakadinda chala m'kachipinda kena kuseri kwa msika, ndipo mpaka lero chithandizo cha khutu lake chikudyedwa ndi munthu womva bwinobwino mbali zonse ziwiri.

"Wamtali, tabwera ndione ndodozo."

"Ndikufulumira, Kopolo. Achimwenewa akuti andidutsitsa pamzere."

"Ukufulumira ndi miyendo iti? Mphira zatha izi. Ukakagwa pamasitepe akutole ndani? Ine msana ndilibe."

"Unali nawo liti? Paja ndinakunyamula ngati nkhuku yonyowa."

"Khala pansi, nkhalamba iwe."

Wamtali atangokhala pabenchi, Kopolo anatenga ndodo zonse ziwiri n'kuzisolola mphira. Ntchito imene amaitha madzi asanawire, tsiku limenelo inakhala ngati akusema ngalawa. Anayeza, anadula, anapukusa mutu, anataya, anayambiranso.

"Madala, kodi zitenga nthawi?" anafunsa wa nsapato uja.

Kopolo anamutembenuzira khutu lakufa.

"Akulankhula nawe," anatero Wamtali.

"Alankhule. Mbali imeneyo kuli achule okhaokha. Ukuwakumbukira achule aja, Sajeni?"

Wamtali anawakumbukira. Anakumbukanso nkhungu imene inkagona pamadzi, ndi mnzawo wina amene ankaimba chapansipansi kuti mano asagwedere. Nkhalamba ziwirizo zinapita kumtsinje zili pabenchi pomwepo, mthunzi wa lata ukuchepa pang'onopang'ono.

Wa nsapato uja anatopa. Anagunditsa zidendene, dzanja pachipumi. "Sajeni, ingondipatsani chiphasocho ndikayambe. Inu mundipeza."

Dzanja la Wamtali linanyamuka lokha kupita kuthumba. Batani linamasuka. Kopolo sanadzutse n'komwe mutu.

"Sajeni, unayamba wapatsapo mlendo mfuti yako kuti akugwirire?"

Dzanja lija linaima panjira.

"Ngakhale pokodza sindinkaisiya," anatero Wamtali.

"Chatsala m'manja mwako ndi chiphaso chimenecho. Wopita nacho pazenera ndi mwiniwake, ndipo pazenerapo salipiritsa."

Wamtali anayang'ana bamboyo kuyambira kunsapato mpaka kuchipumi, ngati mmene ankayenderera anyamata ake paperete. Kenako anamanga batani lija.

"Pumulani, achimwene," anatero. "Ndikadzilembetsa ndekha."

Bamboyo anazemba osatsanzika. Pomwepo mphira zinalowa, misomali iwiri, basi. Kopolo anavundikira chitini cha guluu n'kumuperekeza mnzake mpaka pamzere, ndodo zikugunda simenti mofewa ngati mapazi a mphaka. Anatuluka dzuwa litapendeka, chala cha Wamtali chili ndi inki, chiphaso chili pamtima.

Si onse amene amawapulumutsa. Ena amadutsa iye ali kumtsinje, ndipo zimenezi zimamudya mumtima. Madzulo amenewo akulongedza zidutswa za tayala, anaima pomwe ine ndimagulitsa nthochi, pafupi ndi lata lake lija, n'kumugwira mwana wanga kaphazi.

"Mayi a mwana," anatero, "inu maso muli nawo awiri, makutunso awiri. Mukaona sawatcha ikuchitika pageti ine ndili kwa achule, mundiponyereko kamwala palatapo. Musaope kundidzidzimutsa."