Matayala Akutsogolo

Chinali chipepala chong'ambidwa m'magazini, chothimbirira ndi girisi, chopindidwa kanayi. Atsibweni, mlongo wawo wa amayi, anabwera nacho kuchokera ku galaja ya pa esiteti ya nzimbe kumene ankathandiza amakaniko. Wina anali atakulungiramo mabawuti. Atachiwongola pabondo, ndinaona galimoto imene sindinaionepo pamsewu uliwonse wa ku Chikwawa: yaitali ngati bwato, yoonda kutsogolo, matayala akumbuyo aakulu ngati a thirakitala, akutsogolo ang'onoang'ono. Kumbuyo kwake kunali utsi wokhawokha.

"Iyi sikhota," anatero atsibweni. "Imangothamanga molunjika, ziwiriziwiri. Imene yafika poyamba ndiye yapambana."

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Bambo anali ku migodi ya ku Joni, ndipo m'nyumba ya pa esiteti, imene inaperekedwa chifukwa cha ntchito ya atsibweni, tinkakhalamo atatu: iwowo, amayi ndi ine. Inali nyengo yodula nzimbe, mwezi wa Okutobala, pamene dothi limawotcha kuphazi dzuwa lisanafike n'komwe pamutu. Minda ikatenthedwa, phulusa lakuda linkagwa pa zovala zoyanika ndi m'madzi akumwa, ndipo mpweya wonse unkanunkha shuga wopserera.

Anyamata onse a mumzere wa nyumba zathu tinali ndi magalimoto a waya: malole, mabasi, mathirakitala okoka ngolo. Chipepala chija chitadutsa m'manja mwa aliyense, magalimoto athuwo anangooneka ngati nkhalamba. Tinayamba kuwaphwasula. Ine ndinachotsa denga la basi yanga, waya wake n'kuuwongola ndi mwala kuti ukhale msana wa galimoto yatsopano. Atsibweni anandibwereka pulayala yawo n'kundionetsa kapotedwe koti mfundo isamasuke. Matayala akumbuyo ndinapanga ndi zitini za polishi ya nsapato, n'kuzikulunga ndi mphira ya chubu cha njinga. Injini inali tochi yakufa. Mapaipi a utsi anali mabolopeni anayi otha inki, amene ndinasinthanitsa ndi zitseko za basi ija kwa mnzanga wina wa ku Mbenje, mnyamata wolankhula Chisena amene bambo wake ankadula nzimbe. Zala zanga zinali mabala okhaokha. Amayi ankandithira madzi amchere akung'ung'udza kuti mabuku sindiwagwira ndi khama lotere.

Mpikisano tinkachitira pamsewu wa thirakitala wotsata ngalande, kuyambira pa kamlatho kukafika pa mlambe. Awiri ankaima pamzere, aliyense atagwira bango lomangidwa ku galimoto yake, wachitatu n'kugwetsa chipewa. Ukatembenuza galimoto, waluza. Tayala likaguluka, waluza.

Ine ndinkaluza tsiku lililonse, ndipo vuto linali matayala akutsogolo. Zotsekera mabotolo zinkakumba mchenga ndi mano ake. Zidutswa za patapata zinkagwedera. Mnzanga wa ku Mbenje ankafika pa mlambe ine ndikadali pakati, akuseka n'kumakuwa kuti, "Nkhabe! Nkhabe iwe!" kutanthauza kuti sindingathe.

Masiku amenewo munthu wamkulu aliyense ankayenda ndi khadi la chipani, ndipo ambiri anali ndi baji, kachitsulo kozungulira kokhala ndi nkhope ya mtsogoleri wa dziko. Ya amayi inkakhala m'kachitini ka singano ndi mabatani. Ankaivala akaitanidwa kukavina pamsonkhano. Ya atsibweni inali pajekete lopachikidwa kuseri kwa chitseko. Masana ena, amayi atapita kuchigayo, ndinafuna batani lalikulu m'kachitini muja n'kupeza baji. Ndinaigubuduza pasimenti. Inayenda mowongoka mpaka kukhoma osagwa. Ndinakatenga ya pajekete ija. Zinali zofanana ndendende.

Ndinathyola mapini ake ndi pulayala, n'kuika msomali pakatikati, n'kukhoma ndi mwala. Msomaliwo unalowa pamphuno. Nkhopeyo ndinkaidziwa bwino. Inali pakhoma m'kalasi mwathu, ndipo m'mawa uliwonse tinkaimba nyimbo zoitamanda. Lero ndikamadzifunsa ngati panalibe kanthu kondichenjeza mumtima, ndimapeza kuti kanalipo: ndinkaopa mkwapulo wa amayi chifukwa chotsegula kachitini kawo. Mantha anga anathera pamenepo.

Galimoto ija inauluka. Tsiku loyamba ndinapambana kasanu, tsiku lachiwiri palibe anandiyandikira. Anzanga ankagwada kuona matayalawo, koma akamazungulira nkhopeyo sinkaoneka, inkangokhala mkombero wotuwa, ndipo ikaima fumbi linali litaiphimba. Amene anaizindikira anangoseka. Tonse tinali ana.

Tsiku lachitatu aphunzitsi athu anadutsa panjinga. Anatsika kuti aonerere, akumwetulira. Ananyamula galimoto yanga n'kuyamikira mapaipi a utsi, kenako anapukuta tayala lakutsogolo ndi chala. Kumwetulira kuja kunatha. Anayang'ana kumtunda kwa msewu, anayang'ananso kumunsi.

"Wakupatsa ndani izi?"

"Ndapanga ndekha, aphunzitsi."

"Uchotse lero lomwe. Ukaponye m'ngalande. Ine sindinaone kanthu, wamva?"

Anakwera njinga n'kupalasa mwamsanga. Mwana wawo anali mmodzi wa amene ndinawaposa dzulo lake, choncho ndinaganiza kuti ndi nsanje basi. Sindinachotse. Sindinauzenso munthu kunyumba. Galimotoyo ndinkaibisa pansi pa mulu wa nkhuni kuti amayi asaone baji yawo.

Loweruka masana tikupikisana, anyamata awiri achipani, aja ankaima pachipata cha msika kufunsa makhadi, anatulukira m'njira ya m'nzimbe. Mmodzi anaimitsa galimoto yanga ndi nsapato. Anaitola, anazunguza tayala ndi chala, n'kuligwira kuti liime. Anaonetsa mnzake. Nditacheuka, anzanga onse anali atamwazika, magalimoto awo atasiyidwa m'fumbi. Anyamata achipani aja anandifunsa kwathu, ine n'kuwatsogolera. Ndikukumbukira kuti ndinkayenda monyadira pang'ono, poganiza kuti akuluakulu achita chidwi ndi ntchito yanga.

Amayi anali kuchapa ovololo ya atsibweni m'beseni. Atsibweni anali pakhonde, akukonza pulayimasi ya anthu oyandikana nafe. Mnyamata uja anaika galimoto pansi pakati pa bwalo, osalonjera. Anthu anayamba kusuzumira m'makomo mwawo, koma palibe anatuluka.

"Wabowola nkhope iyi ndani?" anafunsa mnyamatayo.

Ndinatsegula pakamwa. Dzanja la amayi, lonyowa, linanditseka mwamphamvu mpaka mano anandiluma mlomo. Mpaka pano ndimakumbukira kuwawa kwa sopo wosakanikirana ndi magazi.

Atsibweni anayang'ana matayala aja. Kanali koyamba kuwaona. Anapukuta manja pang'onopang'ono ndi kansanza, n'kuimirira.

"Ndine," anatero. "Mwanayu angadziwe chiyani? Ndinabowola ndine. Sindinayang'ane bwino."

Mnyamata uja anawamenya mbama imodzi pomwepo, pakhutu. Kenako anawalamula kunyamula galimotoyo pamutu ndi manja awiri, n'kuwayendetsa mumzere wonse wa nyumba kuti aliyense aone. Atsibweni anali munthu wamtali, ndipo bango la chiwongolero linkalendewera kumsana kwawo likukokeka pansi. Anakhotera pa thanki ya madzi, sitinawaonenso.

Patangotha masiku ochepa akuluakulu a esiteti anatiuza kuti tituluke m'nyumba, popeza mwini ntchito kulibe. Palibe anatithandiza kumanga katundu. Anthu oyandikana nafe aja anatuma mwana kudzatenga pulayimasi yawo yosamaliza kukonzedwa, iwowo osafika. Sindiwaimba mlandu tsopano. Aliyense anali ndi ana ake. Tinakwera lole kupita ku Ndamera, kwawo kwa amayi, kumene ndinayambiranso sukulu pakati pa anthu osandidziwa. Amayi sanandimenye, sananditukwane, sanatchulepo za baji ngakhale kamodzi. Ankangondiyang'ana nthawi zina ndikamadya, kenako n'kuyang'ana kumbali.

Atsibweni anabwera patadutsa dzinja kawiri. Anali ataonda, mano awiri akutsogolo mulibe, ndipo khutu lija silinkamvanso. Kumene anawasunga sananene, ifenso sitinafunse. Palibe galaja inawalembanso ntchito. Munthu amene ankadziwa vuto la injini pongoimvetsera anatha moyo wake akutchera miono kudambo.

Ndinadikira zaka zambiri ndisanayambe nkhaniyo. Ndinali kale ndi ana anga. Ndinakhala kumbali ya khutu lakumva, n'kuyamba kupepesa. Iwo anandidula ndi dzanja, akupitiriza kuluka mono wawo.

"Koma inkathamanga?"

Ndinati inde, inkathamanga kwambiri.

"Basitu," anatero.

Chimene chimandivutitsa kwambiri si mbama ija, kapena lole ya ku Ndamera. Ndi madzulo a Loweruka lomwelo. Amayi anakhala pakhonde dzuwa likulowa, ovololo ili m'beseni momwemo yosatsukuluza. Ine ndinali kuseri kwa nyumba ndikulira, ndipo anthu odutsa ayenera kuti ankati mwanayu akulirira atsibweni ake. Ndinkalira ndi mkwiyo. Zitini ndinatola ndine, waya ndinawongola ndine, nzeru ya matayala inali yanga ndekha, ndipo ndi matayalawo amene anagonjetsa anyamata onse a mumzere. Ndiye munthu wamkulu, pamaso pa anthu onsewo, n'kuimirira kunama kuti anapanga ndi iye. Ndinalumbira mumtima kuti akabwera mawa, sindiwalankhula.