Munda wa Amayi ku Mongue

Armando mng'ono wanga, lero patha chaka kuchokera pamene unatisiya. Ndawerenga pa foni zimene ophunzira ako a ku yunivesite alemba, akuti unali katswiri pa luso la kulankhula la Agiriki ndi Aroma akale.

Ine ndikukumbuka tsiku limodzi. Titabwerako ku Malawi kothawa nkhondo, tinapeza ena akulima munda wa amayi kwathu ku Mongue, ndipo ndinakuitana kuti udzatilankhulire pabwalo. Ndinakunong'oneza kuti, "Khala pansi, uyambe wawomba m'manja." Iwe unaimirira chipewa chili kumutu, n'kumaloza akuluakulu chala, ukulakatula Chipwitikizi. Mmodzi wa iwo anafunsa monyodola maphunziro ako, "Kodi a Dotolowa abwera kudzatiweruza?" Munda unapita, ndipo sunapepese mpaka imfa. Mabuku ako ali ku Maputo, koma manda ako ndikulambula ndine, ndi khasu lopanda munda.