Maliro Opanda Mwini pa Pogumuka

A Rafaeli Mwantumu anagwira ntchito zaka makumi awiri ndi ziwiri pa fakitale ina ku Makata, ndipo ntchito yawo inali imodzi basi, kuwerenga makatoni akamakwezedwa m'lole. Fakitale itachepetsa anthu mu 2003, anawapatsa wailesi ndi kalata yowathokoza, koma matenda owerengawo anawasiya nawo. Munthu anabwerera ku Ndirande ndi kope m'thumba, pensulo kukhutu, n'kuyamba kusakasaka choti aziwerenga.

Sanasake nthawi yaitali. Nyumba yawo anaimanga pamalo poti wanzeru sangadzalepo ngakhale chinangwa, kunsi kwa chitunda, pomwe msewu umatsetsereka kenako n'kukhota mwadzidzidzi ngati wakumbukira kuti waiwala kanthu. Malowo anawagula motchipa, ndipo chifukwa chake anachidziwa nyumba atafolera kale. Minibasi zimatsika chitunda chimenecho mabuleki ali m'manja mwa Mulungu. Ndiye a Rafaeli anakoka mpando, n'kuyamba kulemba ngozi.

Mu 2004 analemba zinayi. Mu 2005 zisanu ndi imodzi, ndipo imodzi mwa izo inali minibasi yomwe inaboola mpanda wawo wa njerwa n'kudzaima pabwalo, wailesi yake ikuimbabe. Zaka ziwiri zotsatira ngozi zinachepa, osati chifukwa madalaivala anatembenuka mtima ayi, koma msewu unakumbika maenje oti mbuzi n'kubisalamo. Mu 2008 anaukonza, anthu anaomba m'manja, ngozi zinafika khumi ndi imodzi. Chaka chotsatira lole ya mchenga inagwetsa mpanda uja kachiwiri, ndipo kuyambira pamenepo makondakitala anapatsa malowo dzina. "Wotsika pa Pogumuka alipo?" Dzinalo a Rafaeli linkawanyansa koopsa, koma akakwera minibasi ankalitchula okha, nanga akanatsika kuti.

Mafuta atasowa m'dziko muno mu 2011, galimoto zili pamzere pa mafilingi sitesheni, ngozi zinali ziwiri zokha, ndipo ina inali ya njinga ndi wilibala. Mu Blantyre yense munthu amene anayamika Mulungu chifukwa cha kusowa kwa petulo anali a Rafaeli okha.

Chaka chilichonse pa Nyuwere, akabwera ku Misa, ankatsegula kope n'kuwerengera akazi awo, a Petronela, kuti chaka chathachi zakwera kapena zatsika. A Petronela anali mayi wamfupi, wosakonda zambiri, amene ankadzuka m'mamawa kukazinga mandasi pambaula pakona ya bwalo, kuti utsi usalowe m'nyumba.

"Anzathu akudya mpunga ndi nkhuku mwamtendere," ankatero, "ife tikuyamba chaka ndi miyendo yothyoka ya eni ake. Tsekani bukulo, abambo a Mildred."

Kope limenelo a Rafaeli anapita nalo kangapo ku ofesi ina m'tauni kukapempha kuti pachitunda paja aikepo mahampu. Ulendo womaliza anavala jekete. Bwana wa kumeneko anavundukula masamba a kopelo, n'kuyamikira kalembedwe, kenako anafunsa kuti, "Nanga afapo angati?"

"Sanafepo munthu, bwana. Koma ovulala ndi ambiri."

"Ndiye muli bwino inu. Malo ena akufa. Tiyamba ndi kumene akufa."

A Rafaeli anatuluka akupukusa mutu, ndipo anayenda wapansi mpaka ku Ndirande chifukwa cha mkwiyo.

Mafuta atabwerera, 2013 inabweretsa ngozi khumi ndi zinayi. Yomaliza inali mu Novembala, kagalimoto konyamula tomato komwe kanagwetsa mpanda kachitatu, bwalo lonse n'kufiira. A Petronela sanakuwe. Anaphula chiwaya, anapukuta m'manja pachitenje, n'kuyang'ana amuna awo.

"Ine ndinabadwira kwa Tengani. Kwathu ng'ona imadikira munthu kumtsinje, siimutsatira pakhomo. Galimoto ikadzalowanso muno kachinayi, ine mudzandipeza kwathu. Mudzatsala ndi buku lanulo, lizikuphikirani."

Amene ankawadziwa mayiwa ankadziwanso kuti sabwereza mawu. A Rafaeli anachita mantha enieni. Zophikazo zinali zazing'ono, munthu angathe kukhala ndi moyo ndi chipisi cha pachiwaya. Chimene chinkawaopsa n'kudzuka m'nyumba yopanda mawu a Petronela, atakhala nawo zaka makumi atatu ndi zinayi. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Mildred, anali atakwatiwa ku Mzuzu. Anamanganso mpanda uja, koma nthawi ino minibasi iliyonse ikamatsika, mtima wawo unkatsika nayo limodzi.

Mu Febuluwale 2014 nkhalamba ina ya kumtunda inamwalira, ndipo mwa mwambo anthu anaika nthambi zamasamba pamsewu, kumtunda ndi kumunsi. Apa a Rafaeli anaona zodabwitsa. Anjinga ankatsika n'kumakankha. Malole ankayenda ngati anyamula mazira. Ngakhale Herbert, dalaivala amene ankatsika chitundacho ngati akuthawa apongozi, anazimitsa wailesi, anavula chipewa, n'kudutsa monyang'wa. Masiku atatu athunthu panalibe ngakhale tayala lolira. Chimene chikwangwani, apolisi ndi makalata analephera pa zaka khumi, masamba anachitha m'mawa umodzi.

Maliro ataikidwa, anthu anachotsa masamba, ndipo tsiku lomwelo Herbert anapha nkhuku ya eni. A Rafaeli anakhala pampando wawo akuluma pensulo. Satana sabwera ndi nyanga, abale, amabwera ngati nzeru.

M'mbandakucha anatenga chikwanje, anakadula nthambi zaziwisi kuseri kwa sukulu, anaika zina pamwamba pa chitunda, zina kupitirira pang'ono geti yawo, n'kubwerera kukagona ngati munthu wosalakwa. Mawa lake anachitanso chimodzimodzi. Ndipo zinatheka. M'tauni muno si kumudzi koti aliyense amadziwa chifuwa cha mnzake. Akumtunda ankati zovutazo zili kumunsi, akumunsi ankati zili kumtunda. Akatolika ankati ndi wa mpingo wina, ampingo winawo ankati mwina ndi alendo a lendi ofika kumene. A Yusuph okha, telala wa pakhonde la kutsidya kwa msewu, ndi amene anayamba kununkhiza.

"Achimwene," anatero tsiku lachisanu ndi chitatu, "maliro awa akudikira wachibale wochokera kuti? Ngakhale wa ku Joni akanafika kale."

"Zimavuta za mapasipoti," anayankha a Rafaeli, maso ali pansi.

Masiku khumi ndi limodzi anadutsa popanda ngozi, ndipo a Rafaeli ananenepa masaya. Koma la fote limakwana. Sabata imeneyo a Petronela anagwidwa malungo, anagona masiku atatu, mbaula osayaka. M'mawa wa tsiku lakhumi ndi chiwiri, a Rafaeli ali chiweramire kuyala nthambi pafupi ndi geti, anangomva kutsokomola kumbuyo. Anali mayi Gertrude, wapampando wa amayi a mumphakati, akupita ku Misa ya m'mawa. Mayi ameneyo akamva nkhani pa sikisi, pofika seveni ndiye kuti yafika kale ku Bangwe.

Manyazi anawagwira a Rafaeli. Sanapereke moni. Anabisa nkhope ndi mkono, n'kuthawira kuseri kwa sukulu, komwe anakhala pamwala maola atatu akukonza bodza loti adzanene. Mayi Gertrude anaona bambo akuika masamba pageti pake, ataphimba kumaso. Anaona kuti utsi wa mandasi kulibe. Ankadziwanso kuti a Petronela akudwala. Ku Misa sanafikeko.

Pobwerera, a Rafaeli anamva nyimbo ali patali. Atafika anapeza bwalo ladzaza, amayi atakhala pansi mbali iyi, abambo pamabenchi a kutchalitchi mbali inayo, wina akuwaza kale nkhuni. Azibambo awiri anawagwira mikono.

"Pepani, a Mwantumu. Limbani mtima."

"Kwagwanji?"

"Tamva za amayi. Chitseko n'chokhoma, akuti thupi lili kuchipatala."

Apa dziko linawazungulira a Rafaeli. Anawasiya akazi awo ali m'tulo, thupi likutentha. Dzulo lake mayiwo ankanena zopita kuchipatala. Ndiye kuti anapita okha, n'kukathera komweko, iwo ali pamwala kukonza bodza. Ndipo ndani anaitana imfayo pakhomo? Masiku khumi ndi awiri akuilozera njira ndi masamba, nanga ikanasochera bwanji? Bambo wamkulu uja anagwa pafumbi n'kulira ngati mwana, akuitana dzina lenileni la Petronela, limene sanalitchulepo pagulu chikwatirane. Amayi atamva zimenezo nawonso anakweza maliro.

Pa nthawi yomweyo a Petronela anali akutsika minibasi kumtunda, jakisoni ali m'thako, mapilitsi ali m'kapepala. Anali atadzuka, amuna awo osawaona, n'kukhoma chitseko kupita okha kukiliniki. Ataona khamu pakhomo pawo anaganiza kuti galimoto yachinayi yafika ndipo yawapeza a Rafaeli pampando paja. Anafunda chitenje kumutu, analowa chogwada kumapeto kwa amayi, n'kunong'oneza mtsikana wina wachilendo.

"Watisiya ndani?"

"Amayi a mandasi aja. Akuti anali ovuta, koma mandasi awo anali aakulu."

"Ovuta?" anatero a Petronela, n'kuvula chitenje kumutu.

Woyamba kuwaona anali mayi Gertrude, ndipo anatuluka pageti mwaliwiro loti Herbert akanasirira. Nyimbo inaduka pakati. Ena analumpha mpanda, ena anagwira korona, wowaza nkhuni anathawa ndi nkhwangwa ya eni. A Rafaeli anadzutsa mutu, fumbi ndi misozi zili mbuu kumaso, anakwawa n'kugwira phazi la akazi awo kuti aone ngati n'lofunda.

Zonse zinaululika pomwepo, chifukwa a Yusuph anawoloka msewu n'kufotokoza bwinobwino, mosangalala ndithu. Akuluakulu a mumphakati anawakalipira a Rafaeli kuti masamba a maliro si choseweretsa, kuti achita malodza, ndipo Loweruka akalape. Anthu anabalalika, mabenchi anabwerera kutchalitchi. Pofika masana a Petronela anali atalongedza chikwama chachikulu cha mizeremizere, ataima nacho pakhonde.

"Ndinati ndidzachoka galimoto ikadzalowa. Sindinadziwe kuti mundiika m'manda ndikuyenda. Zaka zonsezi mtima wanu uli pa njerwa. Khalani nazo njerwa zanuzo."

A Rafaeli sanatsegule kope. Anapita pakona ya bwalo pomwe panali mbaula, n'kuima pamenepo.

"Si njerwa, amayi a Mildred. Minibasi ija ya 2005 inaima mapazi khumi ndi awiri kuchokera pomwe mumakhala apa. Ndinayeza. Lole ya mchenga, mapazi asanu ndi awiri. Ya tomato ija, atatu." Analoza pansi. "Ine ntchito yanga ndi kuwerenga. Khumi ndi awiri, asanu ndi awiri, atatu. Yachinayi ndikudziwa pomwe idzaime."

A Petronela anayang'ana mbaula, anayang'ana mpanda, kenako anayang'ana amuna awo, amene fumbi linali likadali m'tsitsi.

"Ndiye mwayeza zaka zisanu ndi zinayi," anatero pang'onopang'ono. "Mwapita ku maofesi ndi jekete. Mwadula mitengo ya sukulu. Mwaliritsa mphakati wonse. Koma kungonyamula mbaulayi kuiika kuseri kwa nyumba, mutu wanu wa masamuwo sunaganize?"

Kunena zoona, a Rafaeli sanaganizepo.

"Ndinaopa kukuuzani," anatero potsiriza. "Ndimati mukadziwa za mapaziwo mupita tsiku lomwelo."

Kumtunda kunamveka minibasi ikutsika, wailesi ili pamwamba, popeza masamba anali atachotsedwa. Onse awiri anaima chilili mpaka inakhota n'kupitirira. A Petronela anaika chikwama pansi, anapita pakona paja, anagwira amuna awo pamkono n'kuwakoka kuwachotsa pamalopo.

"Chokanipo apa, nanunso mwaima pa mapazi atatu omwewo. Nyamulani mbaulayo. Ndipo mukasambe kumaso, mwandilira mokwanira lero."