Katatu ndi Pang'ono

Anabwera masana, tsiku la msika ku Nsanama, ine ndikukhoma ndowa. Anali amuna awiri a chipani.

"Bambo, khadi?"

Ndinati chikhulupiriro changa sichilola.

"Siyani nyundo."

Ndinasiya. Inali nthawi ya chipani chimodzi, mvula yoyamba isanagwe. Anakanditsekera ku Balaka. Za masiku oyambirira sindilemba. Khutu lamanzere silimva mpaka lero.

M'chipindamo ndinapeza aphunzitsi a masamu a ku Rivirivi, munthu woonda, magalasi atawaswera. Atamva ntchito yanga anafunsa, "Amisiri, lata lozungulira ndowa mumaliyeza bwanji?"

"Kukula kwa pansi pake katatu, ndi pang'ono."

"Pang'onoyo ngwochuluka bwanji?"

"Diso limadziwa."

Anaseka. Anati nambalayo dzina lake ndi pai, ndipo pang'ono wangayo alibe mathero. Anayamba kutchula: 3, kenako 1, 4, 1, 5, 9, 2, 6, 5. Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 5, koma mutu ndili nawo. Ndinkayesa kulosera yotsatira. Ndinkaphonya.

"Musadandaule," anatero. "Palibe anapezapo kayendedwe kake. Manambalawa amaoneka ngati angomwazika, koma iliyonse ili pamalo pake. Ngakhale boma silingasunthe imodzi."

M'mawa uliwonse ankawatchula mokweza. Akachokera komenyedwa ankawatchulanso, kuti aone ngati mutu ukadali wawo. Munthu wolimba chotero sindinamuonenso.

Mlonda wina anamva. Anandiitanira kwa mkulu wofunsa milandu.

"Manambala aja ndi uthenga wa zigawenga, wolowera pa malire a ku Nayuchi. Ingovomerani kuti ndi choncho, mawa mukagona kwanu."

Ndinadziwa kuti ndikavomera, aphunzitsi awanyonga.

"Iyayi, bwana. Ndi muyezo wa ndowa."

"Ukundiyesa chitsiru iwe?"

"Bweretsani ndowa ndi chingwe, ndikuonetseni."

Chingwe anabweretsadi. Ndowa sitinayeze.

Atandiponyanso m'chipinda, aphunzitsi anandipukuta kumaso ndi malaya awo. "Mukanangovomera, amisiri. Muli ndi ana."

"Ndiname pa ntchito yanga?"

Anandigwira dzanja nayamba kutchula pang'onopang'ono, ine ndikutsatira ndi milomo yotupa.

Chimanga chitayamba kucha anabwera kudzawatenga aphunzitsi pa lole, kupita kundende ina. Ankakwera akutchula. Ndinamva 3, 5, 8, 9, 7, 9, kenako injini inaphimba mawu. Sindinawaonenso. Patapita zaka ndinamva kuti sanawanyonge. Anatuluka, nakamwalirira kwawo, pa mphasa yawo.

Ine ananditulutsa popanda mlandu, monga anandilowetsera. "Nyamukani," anatero mlonda, "mukungotithera nyemba."

Nyundo ndinaipeza kwa mlamu wanga, ili ndi dzimbiri.

Anthu amandifunsa kuti ufulu ndi chiyani. Ine wanga ndi uwu: ndimakhoma ndowa pamsika womwe uja, ndikutchula manambala mokweza, ndipo palibe wondiitanira ku ofesi. Ndimalekeza pa 9 uja. Otsatirawo alipo, ndikudziwa. Sindinafunsepo munthu wina.