Penti Wobiriwira ndi Moto wa Mbewa

Galimoto ija inafika pa famu itakwezedwa pa lole ngati ng'ombe yodwala. Inali ya mipando iwiri, yopanda denga, yaifupi moti ukakhalamo matako ankatsala pang'ono kukhudza pansi. Boneti yake inali yaitali, yomangidwa ndi lamba wachikopa, ndipo mawilo anali a masipoko ngati a njinga. Bwana wathu, mzungu wolima fodya ndi kuweta ng'ombe kuseri kwa Kasisi, anaigula kumigodi kwa mzungu mnzake amene anaisiya pansi pa mtengo wa mango zaka zambiri. Nkhuku zinkaikiramo mazira. Bwanayo ankati inapangidwa nkhondo ya Ajeremani isanayambe, ndipo pa masiku ake inkasiya sitima m'mbuyo. Ife tinkangoyang'anana.

Injini bwana anaigwira yekha. Thupi lonse anandipatsa ine, chifukwa ndinali nditaphunzira za penti pa galaja ina ku Lusaka. Miyezi itatu ndinali m'chigafa cha fodya, kupala dzimbiri, kuwongola madigadi ophimba mawilo ndi kanyundo kamtengo, kupukuta masipoko limodzilimodzi mpaka zala zinasupuka. Penti anachokera ku Joni pa sitima, zitini ziwiri zokha, wobiriwira modera ngati masamba a mango okhwima. Makina opopera tinalibe. Ndinkapaka ndi bulashi, nditaviika chitini m'madzi otentha kuti penti afewe, nditamusefanso ndi sokosi yakale ya adona. Ukapaka umadikira aume, upale ndi sandipepa ndi madzi, upakenso. Kupaka komaliza ndiko kulibe chifundo. Kafumbi kamodzi kakagwerapo kamakhala pomwepo mpaka kalekale.

Nthawi imeneyo ndinkakhala kukomboni ndi mkazi wanga, ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu, mwana wathu woyamba. Bambo ake, apongozi anga, ankakhala nyumba yoyandikana nafe. Ndine ndinawaitana kuchokera kwathu kum'mawa, ku Jemusoni, mayi a mkazi wanga atamwalira, ndi kuwapezera ntchito yoweta ng'ombe. Mwa mwambo wathu sitinkayang'anana kumaso. Tikakumana m'njira wina ankapatukira pa udzu, ndipo nkhani zathu zonse zinkadzera kwa mkazi wanga.

Tsono mkaziyo anayamba kulakalaka mbewa. Abale, munthu wa pakati akafuna chinthu! Nyama ya ng'ombe ayi, kapenta ayi. Asoli, eni dera a m'midzi yozungulira, ankatiseka ife akum'mawa, amvekere, "Odya mbewa adutsa, bisani mbewa, amphaka angafe ndi njala." Ife tinkawaseka pa zawo. Koma mbewa zimafuna moto, utenthe tchire kuti mauna aoneke, ndipo moto ndi umene bwana ankadana nawo kuposa mbava, poti udzuwo unali msipu wa ng'ombe zake. Chaka chapitacho banja lina linapirikitsidwa tsiku limodzi chifukwa cha moto, katundu pamutu, chitupa chitalembedwa mawu oti famu ina iliyonse isawalandire.

Tsiku lina mkazi wanga anati, "Atate akufunsa, bwana achoka liti?"

Ndinkadziwa. Ankapita kogula ng'ombe Loweruka m'mamawa, kubwera Lachitatu. Ndinamuuza, ndipo pofuna kuoneka wochenjera ndinawonjeza kuti, "Uwauze atenthe kachigawo kakang'ono kuseri kwa chulu, kumtsinje. Bwana safikako." Tsiku ndinapereka ine, malo ndinasankha ine. Izi ndikuzinena poyera lero chifukwa nthawi ija sindinazinene.

Lachisanu madzulo bwana anabwera m'chigafa, nayendetsa kuseri kwa dzanja pa boneti, nati akadzabwera adzapeze galimoto itatha. Mtima unakwera m'mwamba. Unali mwezi wa Ogasiti, mphepo yake mukuidziwa, ndipo mpata wopakira unali m'mawa basi, kusanayambe kuwomba. Mutu wonse unadzaza penti. Za mbewa ndinaiwaliratu, ngati sindinazinenepo.

Loweruka ndinadzuka kusanache bwino. Ndinathira madzi pansi ponse m'chigafa kuti fumbi ligone, ndi kupachika masaka onyowa mbali zonse. Pamwamba pokha, mbali ya kum'mawa, ndinasiya mpata pansi pa malata kuti kuwala kulowe. Malaya ndinavula kuopa ulusi. Penti anayenda tsiku limenelo! Bulashi inkangotsetsereka, mizere n'kumatsekeka yokha. Dzuwa litakwera ndinali nditamaliza chitseko chachiwiri, nkhope yanga ikuoneka m'boneti, mpaka ndinadzitama ndekha chamumtima.

Kenaka kanthu kakuda kanatera pa boneti, kopepuka ngati kanthenga. Ndinayesa ntchentche. Kanatera kena pa madigadi, kenanso pa chitseko. Nditakweza maso ndinaona timaphulusa ta udzu tikulowa pa mpata uja, tikutsika pang'onopang'ono, ndipo mphuno inamva utsi.

"Mayo ine! Lero ni Loweruka!"

Ndinakwera pa mgolo kukatseka mpatawo ndi saka, koma pogwedeza sakalo ndinagwetsanso fumbi la pa mtanda. Panja anthu anali akukuwa. Mphepo inali itadzuka msanga, moto wadumpha chulu chija, ukulunjika ku waya wa ng'ombe. Ndinaima pakhomo, bulashi kumanja, osadziwa kothamangira. Akulu anati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo ine Loweruka limodzi ndinali nditaligawira ntchito ziwiri. Ndinataya bulashi, ndi kuthyola nthambi yozimira moto.

Tinauzima dzuwa lili pamutu, komboni yonse, amuna ndi akazi. Unali utadya msipu waukulu ndi mitengo ingapo ya waya. Titakhala pansi tinapangana kuti tidzati motowo unachokera kutsidya, kumidzi, monga moto wolusa umachitira chaka ndi chaka. Ine ndinabwerera ku chigafa. Galimoto yonse inali ndi timadontho takuda ngati nkhanga. Ndinayesa kutola kamodzi ndi nsonga ya singano, penti anakokeka n'kusiya chilonda. Ndinakhala pa mgolo.

Pamene ine ndinali kulira ndi galimoto, anzanga a kum'mawa anali atayang'ana lupsa lonse lija, mauna ali poyera mbwee. Munthu wa kwathu aone mauna otere n'kupita kunyumba manja lende? Anatenga makasu. Pofika madzulo msipu wonse wopsa unali maenje okhaokha, ndipo komboni inkanunkhira mbewa zowamba. Mkazi wanga anadya zisanu, akuseka, mafuta ali kukamwa. Ine ndinatsuka m'manja koma mbewazo sindinazikhudze.

Lamulungu belu la tchalitchi cha ku Kasisi linalira ine ndili m'chigafa, ndikudina penti ndi chikhadabo kuseri kwa madigadi. Anali asanaume. Ukapala penti wofewa amangopotana pa sandipepa n'kung'ambika, ndiye panalibe chochita koma kudikira. Ndinkayang'ana m'chitini: penti wotsala sankafika ngakhale theka. Ndikalakwa kamodzi, wina kulibe kufikira ku Joni. Ndipo ndinkaganiza za mkazi wanga akuyenda pa msewu wa kum'mawa ndi mimba ija, mtolo pamutu, bwana atatipirikitsa. Akanachirira kuti? Pansi pa mtengo ku Luangwa?

Lolemba masana penti analimba pang'ono. Ndinapala mopepuka, madzi ndi sopo, kadontho kamodzikamodzi, mpweya nditaugwira. Lachiwiri m'mawa ndinatseka mpata uliwonse, ndi kusungunula penti ndi tapentaini mpaka ndinachita mantha kuti ayenderera. Ndinapaka mumdima wa masaka, thukuta ndikulipukuta ndi mkono lingagwerepo. Bulashi yomaliza ndinachita kukokota pansi pa chitini. Anakwana.

Bwana anafika Lachitatu dzuwa litapendeka. Analowa m'chigafa, nazungulira galimoto kawiri, nawerama kuyang'ana cham'mbali. Kenaka anaseka, nandimenya paphewa, nati ngakhale ku Joni sakanaipaka chonchi. Ndinati mwina tapulumuka.

M'mawa mwake anakwera hatchi kukaona ng'ombe. Sanachedwe. Simbi yoitanira antchito inalira, tonse tinasonkhana pa bwalo la sitolo ya chimanga. Kapitawo anayamba kufotokoza za moto wa kutsidya, bwana anamudula. Chinyanja cha bwanayo chinali chopindika koma tinamva tonse. Anati moto wa kumidzi subwera ndi makasu. Anati wakhala m'dziko lino zaka zambiri, akudziwa amene amakumba mbewa. Asoli ogwira nafe ntchito bwana anawauza abwerere ku ntchito. Tinatsala ife akum'mawa, mitu pansi.

Ndiye anatembenukira kwa ine, mwina chifukwa dzulo lake ndinali nditamukondweretsa.

"Iwe sunama. Unali pafupi. Nani anayatsa?"

Mawu ndinali nawo, anali pa lilime: bwana, tsiku ndinapereka ndine. Ndinaona mkazi wanga ataima kumbuyo kwa amayi ena, dzanja lili pa mimba. Ndinayang'ana zala za kumapazi. Bwana anafunsanso, mokweza.

Kumanzere kwanga munthu anatsokomola. Apongozi anatuluka pa mzere, chipewa chili m'manja. Sanayang'ane kwa ine, anayang'ana kwa kapitawo.

"Muwauze abwana asavutitse apongozi anga. Iwo anali ku penti, sadziwa kanthu. Ninayatsa nine, nekha."

Sadziwa kanthu! Ndinamva manyazi kuyambira kumutu mpaka kumapazi, komabe pansi pa manyaziwo mtima unati phee, ndapulumuka. Chimenecho ndicho chimandiwawa mpaka lero. Ndinakondwa.

Bwana anawapatsa tsiku limodzi loti achoke pa famu. Lachisanu m'mawa tinawaperekeza ku msewu waukulu, pafupi ndi mlatho wa Chongwe, kukadikira lole ya ku Jemusoni. Ndinawanyamulira bulangeti ndi khasu, ndikuyenda kumbuyo monga mwa mwambo. Mkazi wanga anayenda nawo pambali, pang'onopang'ono, akulankhulana motsitsa. Njira yonse ndinkakonza mawu oti ndinene. Lole itafika ndinagwada patali, ndi kuwomba m'manja, iwo anawombanso atayang'ana kumbali. Anakwera pamwamba pa matumba, fumbi linawaphimba. Sitinawaonenso. Anamwalira dzinja lachiwiri, kalata inatipeza maliro atapita kale.

Galimoto ija bwana ankaitulutsa Lamulungu lililonse, ikubangula pa msewu wa ku Lusaka, ana akuithamangira. Azungu anzake ankabwera kudzaiona, iye n'kumandiitana kuti andionetse. Ine ndinkamwetulira.

Mkazi wanga za tsiku lija sanazitchule. Ankaphika, ankandipatsa madzi osamba, zonse monga kale. Patapita masabata atatu anachira, mwana wamwamuna. Mchombo utagwa, amayi a kukomboni anamutulutsa m'chikuta, ndipo mmodzi wa iwo anafunsa kuti dzina apereka ndani. Mkazi wanga anali atakhala pa mphasa, akuyamwitsa. Sanakweze mawu.

"Amene anafunika kupereka dzina ali ku Jemusoni," anatero. "Apereke awa, ndiwo anatsala."

Amayi aja anatembenukira kwa ine, akudikira.